Mafunso Anu: Kukonzekera Ulendo wa Panjinga Wothandiza Kafukufuku wa Khansa

Akonzi, ndalembetsa ulendo wa panjinga wa makilomita 100 umene umachitika chaka ndi chaka pofuna kusonkhanitsa ndalama za kafukufuku wa khansa. Kwatsala masabata 12, koma ndikangopalasa makilomita 25 ndimatheratu. Kodi ndikwanitsa? — Mayi wa zaka 46

Mukwanitsa, mayi, bola mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono. Muzipalasa katatu pa sabata. Masiku awiri azikhala a mphindi 45 mpaka ola limodzi, lachitatu likhale la ulendo wautali. Wautaliwo muyambire pa makilomita 25 amene mukufikawo, n'kumawonjezera 7 kapena 8 sabata iliyonse. Sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu muchepetse mtundawo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ambiri amaona ngati kupumaku n'kutaya nthawi, chonsecho minofu imalimba pamene ikupuma, ndipo amene sapuma amatha kuvulala.

Mukatero, pofika sabata ya 10 mudzakhala pa makilomita 75 mpaka 80. Imani pomwepo. Simufunika kumaliza 100 yonse musanafike tsikulo, chifukwa kupalasa pagulu ndiponso malo opumulira a m'njira zimathandiza kwambiri. Sabata ya 11 palasani 50 basi, ndipo masiku omalizawo mungoyenda timaulendo tafupi.

Za liwiro: muzipalasa moti mutha kuyankhula chiganizo chathunthu osabanika. Mapazi azizungulira maulendo 80 mpaka 90 pa mphindi, pa giya yopepuka. Ngati njira ya ulendowo ili ndi zitunda, limodzi mwa masiku afupi aja likhale lokwera chitunda chimodzi kanayi kapena kasanu, mutakhala pachishalo.

Bondo limandiwawa kutsogolo, ndipo pokhalira pamasupuka ndikapitirira ola. Ndigule chishalo chofewa? — Bambo wongoyamba kumene

Musagule kaye, bambo. Bondo likamawawa kutsogolo, kawirikawiri chishalo chatsika kapena mukukankha giya yolemera. Likamawawa kumbuyo, chakwera kwambiri. Tsamirani khoma mutakhala panjinga, ikani chidendene pa pedulo itafika pansi penipeni. Mwendo uwongoke popanda chiuno kupendekeka. Mukabweza phazi pamalo ake opalasira, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Posintha, musapitirire mamilimita 5 nthawi imodzi, ndipo yesani maulendo awiri musanasinthenso.

Chishalo chofewa kwambiri chimanyenga. Mafupa okhalira amamira m'kati mwake, ndiye kulemera kwa thupi kumagwera pa minofu yofewa ya pakati, mpamene dzanzi ndi zilonda zimayambira. Chofunika ndi chishalo cholingana ndi kutalikirana kwa mafupa anuwo, choikidwa mosapendekeka, ndi kabudula wa apanjinga wokhala ndi chofewa m'kati. Kabudulayo amavalidwa popanda chovala china cham'kati, chifukwa misoko ndi imene imasupula khungu. Muzimuchapa mukangobwerako.

Ndikapalasa maola awiri, mphamvu zimangotha mwadzidzidzi, miyendo nkulemera, mutu nkuyamba chizungulire. N'chiyani?

Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakwanira pafupifupi ola ndi theka kapena maola awiri a ntchito yolimba. Akatha, zimachitika ndi zomwe mwafotokozazo. Musadikire njala. Ola loyamba likamatha, yambani kudya zakudya zokhala ndi magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena sitalichi pa ola, pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25 a shuga ndi sitalichi.

Madzi akhale theka la lita mpaka mamililita 750 pa ola, malinga ndi kutentha. Koma pa ulendo wa maola anayi kapena asanu, kumwa madzi okhaokha mopitirira muyeso kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezi n'zoopsa: mutu umawawa, munthu amachita nseru mwinanso kusokonezeka. Botolo limodzi lizikhala ndi chakumwa cha mchere pang'ono. Chilichonse chimene mudzadye kapena kumwa tsikulo, chiyeseni pa maulendo okonzekera; m'mimba simufuna zachilendo pa kilomita ya 60.

Njinga ndiikonze liti?

Kutatsala masabata awiri, osati dzulo lake, kuti chosinthidwacho muyambe mwachiyendera. Onani mabuleki, matayala ngati ali ndi ming'alu, masipoko olefuka, ndi tcheni. Tcheni yotha imadya mano a magiya n'kumalumpha pokwera chitunda. Popani mpweya wolembedwa m'mbali mwa tayala, chifukwa tayala lofewa likagunda dzenje chubu imapanidwa ndi limu n'kubooka timabowo tiwiri moyandikana. Tengani machubu awiri, pampu ndi zochotsera tayala, ndipo muphunzire kusintha chubu muli kunyumba. Chipewa chotetezera mutu chikhale zala ziwiri pamwamba pa nsidze.

Ndinamaliza kulandira mankhwala a khansa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Ndikufunitsitsa kupalasa nawo. Kodi n'zololedwa? — Mayi wochira

Mayi, anthu ambiri ochira amapalasa nawo maulendo otere, ndipo masewera olimbitsa thupi amathandizadi kuchepetsa kutopa kumene mankhwala a khansa amasiya. Koma woyamba kukulolani akhale dokotala amene amakuonani. Mufunseni zinthu izi mwachindunji. Mankhwala ena, monga doxorubicin ndi trastuzumab, amatha kufooketsa mtima, choncho angafune kuupima kaye. Ena amasiya dzanzi m'zala ndi m'mapazi, zomwe zimavutitsa pogwira buleki. Ngati magazi akadali ochepa, kapena khansa inakhudza mafupa, kugwa kwakung'ono kutha kukhala nkhani yaikulu.

Akakulolani, yambani ndi mphindi 15 mpaka 20 pamalo osalala, katatu pa sabata, ndipo muziwonjezera mphindi zisanu pokhapokha ngati tsiku lotsatira mwadzuka bwino. Maulendo ambiri otere amakhala ndi mitunda ingapo yoti munthu asankhe, ndiye chaka chino lembetsani waufupi. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika kosazolowereka, kapena mwendo umodzi ukatupa, siyani kupalasa ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.