Bwana ndi Msilamu mnzanga, kodi ndikadandaula ndichimwa?

Achimwene ena ochokera ku Mangochi, amene amagwira ntchito mu shopu ina ku Fordsburg kuno ku Johannesburg, andilembera imelo. Akuti amatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 7 koloko madzulo, masiku 6 pa sabata. Malipiro amachedwa, ndipo katundu akasowa amawadula ndalama. Koma bwanayo ndi Msilamu mnzawo. Lachisanu amawalola kupita kumzikiti, m'mwezi wa Ramadhani amawapatsa futari. Ndiye akufunsa kuti akadandaula, kodi sachimwa?

Achimwene, simuchimwa ayi. Futari ija ndi sadaka, Allah awalipire bwanawo. Koma malipiro anu ndi ngongole imene iwo ali nayo kwa inu, ndipo sadaka sichotsa ngongole. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) anati wantchito apatsidwe malipiro ake thukuta lisanaume. Hadithi imeneyi ili m'buku la mahadithi la Ibn Majah. Imene imandiopsa ine ndi ya mwa Bukhari: pa anthu atatu amene Allah adzatsutsane nawo pa tsiku la Kiyama, mmodzi ndi uja analemba munthu ntchito, ntchitoyo n'kugwirika yonse, iye osamulipira. Surat Al-Mutaffifin ya m'Qur'an nayo ikuyamba ndi tsoka kwa amene amafuna muyeso wodzaza polandira, koma n'kumachepetsa popereka. Maola 12 amene mumaima m'shopumo, kwa ine ndi muyesonso.

Apatu malamulo a dziko lino sakutsutsana ndi Chisilamu. Lamulo la zantchito la South Africa, Basic Conditions of Employment Act ya 1997, limati maola a ntchito pa sabata ndi 45. Ola lililonse lopitirira pamenepo lilipidwe ngati ola limodzi ndi theka. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anakhala R28.79 pa ola. Za katundu wosowa, bwana sangangodula ndalama: pafunika kuti kulakwa kukhale kwanu, akumveni mbali yanu, mulemberane pangano, ndipo asadule zoposa gawo limodzi mwa magawo 4 a malipiro anu.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife chimatitseka pakamwa ndi nkhani ya mapepala. Mu 2008 khoti la zantchito linagamula kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu, ndipo CCMA, bungwe lomva mikangano ya pantchito, ikhoza kumva dandaulo lake. Izi sizikonza vuto lanu ku Home Affairs, ofesi ya boma yoona za mapepala a alendo, koma thukuta lanu silitayika chifukwa cha pasipoti.

Yambani kulemba m'kope tsiku lililonse nthawi yolowa, yoweruka ndi ndalama zimene mwalandira. Kenako lankhulani ndi bwanawo paseri, mwaulemu. Zikakanika, pemphani shehe kapena mkulu wa pamzikiti amene iwo amamulemekeza akhalepo. Akakuchotsani ntchito chifukwa choti mwalankhula, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, ndipo salipiritsa. Popita musaiwale kope lija.