Sukulu yopatsidwa B ku Texas

Achemwali, mwafunsa ngati mulembetse mwana wanu pa sekondale ya boma yomwe yapatsidwa B ku Texas. Musade nkhawa, B ndi wabwino ndithu. Texas Education Agency, nthambi ya boma yoyang'anira maphunziro ku Texas, imapatsa sukulu magiledi a A mpaka F poona mayeso a boma otchedwa STAAR, ana omaliza sukulu, ndi okonzekera koleji, ntchito kapena usilikali. Magawo 30 pa 100 a gilediyo amachokera pa momwe sukuluyo ikukwezera magulu a ana otsalira, kuphatikizapo amene Chingerezi akuchiphunzira kumene. Kwa ife obwera, apa mpofunika kuyang'anitsitsa.

Komanso mukafunse mlangizi wa ophunzira za makalasi a AP ndi dual credit, omwe ndi maphunziro a mulingo wa koleji amene mwana amaphunzira akadali ku sekondale. Mwana akakhoza dual credit, phunzirolo limawerengedwa ku koleji, ndiye fizi ya kutsogolo imachepako.