Kodi filimu yaifupi ingatheke ndi foni yokha?

Mtsikana wina wa ku Lizulu wanditumizira imelo. Akuti ali ndi nkhani ya filimu ya mphindi 10, anzake ofuna kusewera alipo, koma chojambulira ndi foni basi. Akufunsa ngati adikire kaye mpaka adzapeze kamera yeniyeni.

Achemwali, musadikire, foniyo ikwana. Chimene chimagwetsa mafilimu athu aafupi ndi mawu. Woonera amapirira chithunzi chamdima pang'ono, koma akalephera kumva zimene mayi akuuza mwana wake, amangotseka.

Ndipo kwanuko phokoso n'losasowa. Malole pa M1 sagona, chigayo chili apo, njinga zamoto za kabaza, kuonjezanso mphepo ya mu June ndi July imene ikawomba pa maikolofoni mawu onse amamira. Bwerekani foni yachiwiri yoti izingotola mawu, muibise m'thumba la malaya a wosewera kapena kuseri kwa mphika, bola ikhale pafupi ndi pakamwa. Musanayambe gawo lililonse, wina awombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Kathabwa kaja amamenya kuti khwa! anthu a mafilimu akuluakulu ntchito yake ndi yomweyi: pa kompyuta mumapeza pamene manja akumana n'kulumikizapo mawu. Mukatha, aliyense akhale chete mphindi imodzi, mujambule bata la pamalopo. Ndilo mudzatsekere mipata ya mawu podula ndi kulumikiza filimuyo. Ambiri amadumpha zimenezi, ndipo zimandiwawa kuona sewero labwino litafa chifukwa cha mphindi imodzi.

Zovala nazo muziyang'anira. Gawo limodzi limatha kujambulidwa masiku awiri, ndiye chitenje ndi duku zalero zikhale zomwezo mawa. Chifunga chakumapiri kwanuko chimakongoletsa filimu, koma dzuwa likakwera chimachoka, choncho yambani ndi magawo ofuna chifungacho.

Musanaimike kamera m'mudzi, kaonekereni kwa amfumu. Mukafuna mapanga a ku Chongoni ku Dedza, amene UNESCO inawaika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, pemphani kwa oyang'anira, ndipo zojambula zapamiyala musazikhudze. Gule wamkulu sajambula mwachisawawa, eni dambwe ndiwo amaloleza. Nyimbo ya woimba wina musangoiika, funsani mwini wake kapena a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina.

Ndalama zochepa muli nazozo zipite ku nsima ya osewera, thiransipoti ndi pawabanki, poti kumudzi potchajira n'posowa.