GPS yakale sichita manyazi ponama

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lilongwe. Agula GPS ya m'manja ya m'ndege, Garmin GPSMAP 296 ya kaunjika, database yake (nkhokwe ya zambiri za mabwalo ndi njira za ndege) inatha nthawi kalekale, ndiye akufunsa ngati ndi nzeru kutayira madola pa update pomwe iwo amangouluka ndi Cessna 172 kunja kukayera, ulendo wake wa ku Likoma kapena ku Mangochi. Atseka ndi mawu akuti: "Mapiri sasuntha, nyanjanso sisuntha."

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Mawu amenewa ndinawanenapo ine ndemwe, ndili ndi matama a mnyamata amene wangolandira laisensi.

Munali mu 2013, ndili ku South Africa kuwonjezera maola owuluka. Mnzanga anandibwereka ka GPS kake, ndipo tsiku lililonse ndikakayatsa kankaonetsa tsamba la madeti a database, ine n'kumangodina ENTER ngati ndikuingitsa ntchentche. Chenjezo loyamba linabwera mwanthabwala. Ndinalemba FAOR, kamakina n'kukana kuti bwalo lotero kulibe. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho chizindikiro cha bwalo la O. R. Tambo ku Johannesburg chinali chitasintha kuchoka pa FAJS kukhala FAOR. Ndinaseka. Ndani akatere pa O. R. Tambo ndi kandege ka mipando inayi?

Loweruka lina ndinapita pa kabwalo kakang'ono kopanda nsanja, komwe oyendetsa ndege amangouzana okha pa wailesi kuti ndili apa, ndikukhota, ndikutera. Frequency, nambala yotcherera wailesiyo, ndinaitenga mu GPS muja. Ndinaitana katatu, zii. Ndinati basi kulibe munthu, bwalo ndi langa. Ndikukhota komaliza kuti ndilunjike msewu woterapo, ndinangoona chachikasu chikutuluka kunsi kwa phiko lakumanzere, pafupi moti zilembo za m'mbali mwake ndinaziwerenga. Ndinakankha throttle yonse kuti injini ipereke mphamvu zonse n'kukweranso, mawondo ali njenjenje. Nditatera, mdala wa ndege yachikasuyo anabwera mahedifoni ali m'khosi. Sanakalipe. Anangofunsa frequency yomwe ndinali, ndipo nditamuuza anandiyang'ana nthawi yayitali. Inali itasintha miyezi ingapo m'mbuyomo, zinalengezedwa, anthu onse ankadziwa kupatula ine ndi kamakina kanga. Bola akanangonditukwana.

N'chifukwa chake nkhani ya mapiriyi imandipsetsa mtima. Inde sasuntha, ndipo gawo la terrain, loonetsa mapiri ndi zigwa, silisinthidwa kawirikawiri pa chifukwa chomwecho. Koma chomwe chimatha si mapiri. Ndi zopanga anthu: ma frequency, malire a zigawo za mlengalenga (airspace), mayina a malo olengezera, manambala a misewu yoterapo, mabwalo otsekedwa. Zimenezi dziko lonse lapansi limazisintha pa kalendala imodzi yotchedwa AIRAC, ya bungwe loona za ndege la ICAO, masiku 28 aliwonse, Lachinayi, kutanthauza ka 13 pa chaka. Werengani nokha kuti yanuyo yaphonya kangati. Ndipo choipa chake, siikayika. Ijambula mzere wa pinki woonetsa njira uja mowongoka bwinobwino, kaya zomwe ikudziwa ndi za dzulo kaya za nthawi ya Bingu. Ine ndafika poti munthu wodalira database yotha ndimamuopa kuposa amene alibiretu GPS, poti wopandayo amayang'ana panja.

Ndisanaiwale za mapiri omwewo. Sapitwa pa Mulanje ndi wa mamita 3,002, pafupifupi mafiti 9,850, ndipo chiperoni chikatsika mu June kapena July phiri lonselo limangosowa. Kamakina kamapaka chikasu malo amene ali mafiti osakwana 1,000 kunsi kwanu, kufiira pomwe patsala 100 kapena pomwe pakuposani msinkhu. Zabwino ndithu. Koma ndaonapo anthu amene mitunduyi inawapatsa mtima wolowa mu mtambo. GPS ya m'manja siloledwa kukhala chida chowulukira mwa IFR, kuuluka modalira zida zokha osaona kunja, ndi yongokuthandizani kudziwa pomwe muli. Ngakhale msinkhu umene imaonetsa si womwe a pa nsanja ku Chileka akufuna; iwo akufuna wa altimeter, chida choyezera msinkhu cha m'ndege, yomwe mwaikamo QNH, nambala ya kulemera kwa mpweya yomwe akupatsani.

Ndiye muchite chiyani?

Lowani pa flyGarmin, webusaiti ya Garmin yogulira ma update, muone ngati 296 ikadali pa mndandanda wa zida zolandira update. Ngati ilipo, gulani update ya kamodzi kokha, osati ya chaka chonse, ya chigawo chomwe muli Africa, ndipo muzibwereza kamodzi kapena kawiri pa chaka. Pakati apo, ma frequency ndi NOTAM (zidziwitso za kwa oyendetsa ndege) zitengeni ku ofesi ya briefing musanauluke, muzilembe pa pepala, mapu akhale pa bondo. Ngati palibe, ikhale yachiwiri, musunge ndalama zogulira aera 660, GPS yatsopanoko ya Garmin, kapena pulogalamu ya pa tabuleti.

Poikamo update tchajani laputopu ndi GPS yomwe, ndipo musachite usiku woti mawa muli ndi ulendo. Ine magetsi anandithimira pakati pa ntchitoyi, rauta n'kufa, ndipo ndinagona cha m'ma 2 koloko ndikuyambiranso ndi bandulo ya pa foni. Za kulipira ndi khadi m'nyengo ino ya kusowa kwa forex ndisayambe n'komwe, ndingalembe mpaka mawa.

Komanso musakaike pamwamba pa dashibodi pafupi ndi kampasi. Yesani tsiku lina ndege ili pansi: kayandikitseni pang'onopang'ono muone kampasi ikupotoka. Dzuwa la October pagalasi paja limaphikanso batire. Kanga ndinakamangirira pa yoke, chiwongolero cha ndege, chingwe cha magetsi chili chilowere, ndipo pepala la ma frequency ndimalimata ndi selotepi kunsi kwake.