Kuonetsa dokyumentale mu holo yaing'ono: muyambire pati?

Mayi ena a ku Chitawira atilembera imelo. Iwo ndi anzawo akufuna kuti kamodzi pamwezi azionetsa mafilimu a dokyumentale, aja ojambulidwa ndi anthu oima paokha, mu holo yolowa anthu 60. Akufunsa kuti agule pulojekita yotani, ndipo china chofunika n'chiyani.

Mayi, pulojekita ibwere pambuyo. Yambani ndi chilolezo. Kukhala ndi filimu pa fulashi sikukupatsani ufulu woionetsa kugulu, ngakhale polowa pakhale paulere. Lemberani mwini filimuyo, mumuuze tsiku, malo, kuchuluka kwa anthu komanso ngati mulipiritse pakhomo. Yankho lake likhale lolemba. Za umwini wa luso kuno zimayendera lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso, ndi amene angakuunikireni. Palinso a Censorship Board, amene pansi pa lamulo la 1968 amaunika mafilimu oonetsedwa kugulu. Afikireni kudakali masabata angapo, osati Lachisanu filimu ili Loweruka.

Popempha filimuyo, nenani kuti mukufuna fayilo ya mtundu wa MP4 ya 1080p (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), mawu ake akhale a stereo, kutanthauza a matchanelo awiri, kumanzere ndi kumanja. Ena amatumiza DCP, yomwe ndi ya makina a m'masinema akuluakulu, ndipo laputopu wamba imavutika nayo. Fayilo ikaposa 4GB imakana kulowa mu fulashi yofomatidwa mwa mtundu wa FAT32, choncho fulashiyo muifomate ikhale exFAT. Patsikulo musadalire intaneti. Filimu ikhale kale mu laputopu, ina yapadera pa fulashi.

Tsono pa mawu m'pamene ambiri amagwa. Dokyumentale ndi anthu olankhula: agogo akusimba ali pakhonde, mphepo ikuwomba, nkhuku zikulira kuseri. Chithunzi chikafooka pang'ono anthu amapirira, koma mawu akapanda kumveka amayamba kuseweretsa mafoni. Kasipika ka m'pulojekita kaiwaleni. Pezani masipika awiri, muwaimike kutsogolo, uku ndi uku kwa chinsalu, pamwamba pa mitu ya anthu okhala pansi. Mukamva nyimbo zikuphulika koma olankhula akumveka ngati ali m'chitsime, dziwani kuti fayiloyo ndi ya 5.1, ya matchanelo asanu ndi limodzi: mawu a anthu ali pa tchanelo chapakati chomwe simunalumikize. Mukamva kulira kwa "mmmm" kosalekeza, zulani chaja ya laputopu. Kukasiya, vuto ndi mawaya a magetsi, ndipo kabokosi kotchedwa DI box kamathetsa zimenezo. Holo ya simenti ndi malata imabweza mawu, ndiye kolekani makatani olemera m'makoma. Muyese mawu mutakhala pampando wakumbuyo kwenikweni, osati mutaima pafupi ndi mikisa, chida chokwezera ndi kutsitsira mawu.

Pulojekita ya ma lumens 3,000 (muyeso wa kuwala kwake) imakwana bola mu holo mukhale mdima. Chinsalu cha mamita 3 m'lifupi chimakhala mamita 1.7 kutalika kwake, ndipo mapulojekita ambiri amafuna kukhala mamita 4 kapena 5 kuchokera pamenepo. M'munsi mwa chinsalu mutalikire pansi ndi mamita osachepera 1.2, apo ayi mawu omasulira olembedwa m'munsi aja abisika ndi mitu, akumbuyo azingosuzumira. Waya wa HDMI, wolumikiza laputopu ku pulojekita, akapitirira mamita 10 chithunzi chimatha kuyamba kuphethira.

Magetsi mukuwadziwa kale. Zida zonsezi pamodzi sizifika 1,000W, ndiye jenereta ya 2kVA ndi yokwanira. Iikeni panja, mamita 20 kuchokera pakhomo, chifukwa cha phokoso ndi utsi. Pulojekita ikhale pa UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi akazima. Babu la pulojekita limafuna fani izungulire kaye likazima, ndipo kuzima mwadzidzidzi kumalifupikitsa moyo.

Nthawi yabwino ndi 5:30 madzulo ngati mazenera mwawatseka ndi nsalu zakuda, kuti a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri apezebe minibasi pobwerera. Filimu ya mphindi 60 mpaka 80, kenako mphindi 20 zokambirana, wojambulayo akhalepo ngati n'kotheka. M'dzinja mvula ikamenya malata palibe sipika yomwe ingapikisane nayo, choncho kuyambira Disembala mpaka Malichi funani holo ya siling'i.