Dimba la pakhomo pamene mvula ikutsanzika: mayankho kwa alimi

Kumapeto kwa mwezi wa Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, pamene mvula yayamba kudukizadukiza ndipo m'mawa mwayamba kuzizira, ndiwo sizisowa pakhomo, chifukwa nkhwani, khwanya, chisoso, bonongwe ndi therere zimapezeka m'munda wa chimanga popanda wina kunyamula kheni. Chifukwa cha zimenezi mabanja ambiri amaiwala dimba la kuseri kwa nyumba, n'kudzalikumbukira mu Juni nthaka itauma gwa, mtengo wa masamba pamsika utakwera. Koma ndiwo zimene banja lidzadye kuyambira Juni mpaka Seputembala zimakonzedwa m'masabata ano a kumayambiriro kwa masika, chinyezi chisanathawe m'nthaka. Mafunso otsatirawa ndi ena mwa amene alimi amafunsa kawirikawiri pa nyengo imeneyi.

Mayi wina wa ku Dedza akufunsa kuti: "Ndinafesa mpiru ndi kabichi pa nazale, mbewu zinamera bwino, koma patapita masiku ochepa mbande zayamba kugwa, ndipo ndikazizula ndikupeza kuti tsinde lawola m'munsi. Kodi mbewu zimene ndinagula ndi zoipa?"

Mayi, kumera bwino kwa mbewuzo kukusonyeza kuti vuto silili pa mbewu. Chimene chikupha mbande zanu ndi matenda a m'nthaka amene amakula msanga pamalo onyowa kwambiri, pamene mbande zathithikana ndipo mphepo siidutsa. Nyengo ino ndi yonyenga, pakuti pamwamba pa dothi pamaoneka pouma dzuwa likawala, chonsecho pansi pakadali madzi a mvula ya miyezi yapitayi, ndipo mlimi akamathirira m'mawa ndi madzulo monga amachitira mu Okutobala, amakhala akumiza mbande zake. Musanathirire, pisani chala m'dothi, ndipo ngati mukumva chinyezi, lisiyeni tsiku limenelo. Thirirani m'mawa kuti pofika usiku pamwamba pakhale pataumako.

Mbande zimene zagwa sizingadzukenso, choncho zizuleni pamodzi ndi dothi lozungulira n'kukazitaya kutali ndi dimba. Ngati zambiri zawonongeka, konzani nazale ina pamalo pamene simunalimepo kabichi, repu kapena mpiru posachedwapa. Bedi likhale lokwera pang'ono, lotambalala mita imodzi kuti muzitha kupalira mutaima m'mbali osapondapo, ndipo mufese m'timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15 m'malo momwaza. Udzu umene mwaphimbira muuchotse mbewu zikangoyamba kumera, chifukwa ukakhalitsa mbande zimatalika, n'kukhala zoonda ndi zofooka. Kabichi, repu ndi mpiru zimakhala zokonzeka kuwokera pakatha masabata 4 kapena 5, ndipo sabata yomaliza muchepetse madzi ndi mthunzi kuti zikhwime. Pa nazale yomweyo fesaniponso anyezi ngati simunafese kale, pakuti anyezi wa mitundu monga Red Creole ndi Texas Grano amafuna kukulitsa masamba m'miyezi yozizira kuti adzabereke mitu ikuluikulu kukayamba kutentha. Anyezi amachedwa pa nazale, masabata 6 mpaka 8, kufikira tsinde litanenepa ngati pensulo.

Bambo wina wa ku Mchinji akufunsa ngati akonze mabedi okwera kapena olowa pansi, popeza anzake akumuuza zosiyana.

Bambo, onse akunena zoona, kungoti aliyense akunena za malo ake. Bedi lokwera limathamangitsa madzi, pamene lolowa pansi limawasunga. Ngati dimba lanu lili kudambo kumene madzi akadali pafupi, yambani ndi mabedi okwera, ndipo mbewu yachiwiri ya mu Julayi mudzailime m'mabedi olowa. Ngati lili pakhomo, pamtunda, ndipo madzi mumatunga pachitsime kapena pamjigo, konzani olowa pansi kuyambira tsopano, chifukwa masamba amene mukuwokera mwezi uno adzakhala moyo wawo wonse m'chilimwe. Malangizo anga ena ndi akuti musayeze kukula kwa dimba potengera chinyezi cha lero. Ganizirani zidebe zimene banja lanu lingathe kutunga tsiku lililonse mu Ogasiti, ndipo mulime mabedi okwanira madzi amenewo, pakuti mabedi anayi othiriridwa mokwanira amapatsa ndiwo zambiri kuposa khumi ofota.

Funso lina likuchokera kwa mlimi wa ku Kasungu amene akuti: "Tikakolola timaotcha mapesi kuti tithire phulusa m'dimba. Kodi pamenepa tikulakwitsa?"

Phulusa lili ndi ubwino wake, makamaka mchere wa potaziyamu, koma moto umauluza pafupifupi nayitrojeni yense, chakudya chimene chimabiriwitsa mbewu, ndiponso umapsereza zinyalala zimene zikanawolerana n'kuthandiza dothi kusunga madzi. Phulusa lochokera kukhitchini ndi lokwanira pa dimba la pakhomo, ndipo mapesi ali ndi ntchito ziwiri zoposa pamenepo. Yoyamba ndi kuphimbira mabedi mutawokera, kusiya kampata kozungulira tsinde kuti chiswe ndi chinyezi zisawononge mbewu. Yachiwiri ndi kupanga manyowa, ndipo nthawi yabwino yoyambira ndi ino, chifukwa zouma ndi zaziwisi zikupezeka pamodzi, pomwe pofika Julayi zaziwisi zidzakhala zitatha.

Pamthunzi yalani mapesi oduladula, pamwamba pake masamba aawisi monga deliya, masangwi a mtedza kapena zotsalira za nyemba, kenako ndowe za ng'ombe, za mbuzi kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono ndi dothi la pamwamba, mukuwaza madzi pa gawo lililonse. Bwerezani mpaka mulu utafika m'chiuno kapena kupitirira pang'ono, ndipo pakati muzikepo ndodo. Pakatha masiku angapo, ndodoyo ikatuluka yotentha ndi yonyowa ndiye kuti manyowa akupsa, koma ikatuluka yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi zaziwisi. Mukamatembenuza pakatha masabata atatu aliwonse, manyowa amapsa m'miyezi iwiri kapena itatu, nthawi yabwino yothira pa mbewu yachiwiri. Musakwirire mapesi ouma m'bedi limene mukuwokeramo lero, chifukwa pamene akuwola amayamba alanda chakudya cha mbewu ndipo masamba amachita chikasu. Zitosi za nkhuku zosawolerana nazo zimawotcha mizu. Zotsalira za tomato kapena kabichi wodwala zokha ndizo muyenera kutentha.

Mayi wa ku Thyolo akudandaula kuti masamba a tomato wake akuda ngati awauka ndi moto, pomwe ena ali ndi timizere toyera m'kati ndipo zipatso zikubooka.

Mayi, mukulimbana ndi adani awiri osiyana, ndipo mankhwala a mmodzi sagwira mnzake. Kuda kwa masamba ndi tsinde ndi chiwawu, matenda amene amakonda nyengo yozizira ndi yachinyezi, ndipo kwanuko, monganso ku Mulanje, chiperoni chimawapatsa mpata ngakhale mvula itatha. Mangirirani tomato ku timitengo, chotsani mphukira za m'mbali ndi masamba a m'munsi okhudza dothi, ndipo pothirira muzithira madzi pansi osanyowetsa masamba. Mankhwala monga Dithane M-45 ndi oteteza, kutanthauza kuti amathandiza mukapopera matenda asanafalikire, koma sachiza tsamba limene lapsa kale. Timizere toyerato ndi njira za kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kamadya m'kati mwa tsamba n'kulowanso m'chipatso. Pa dimba laling'ono, kuyendera mbewu m'mawa uliwonse, kuthothola masamba ogwidwa ndi kukwirira mozama zipatso zobooka kumachepetsa kwambiri kambozika. Mukaganiza zogula mankhwala, funsani kaye mlangizi wa m'dera lanu, gulani m'botolo lake lolembedwa osati opungulidwa m'timabotolo pamsika, ndipo sungani masiku amene alembedwa pakati pa kupopera ndi kuthyola. Chaka chamawa musadzabzalenso tomato pamalo amenewo, ngakhalenso mbatatesi, mabiringano kapena tsabola, chifukwa ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda.

Za nsabwe zimene zimaunjikana kunsi kwa masamba a repu ndi mpiru, monga anafunsira ena, madzi a masamba a nimu osinja, onyikidwa usiku wonse, osefedwa ndi kusakaniza ndi sopo pang'ono, amathandiza mukapopera madzulo. Amene amapopera madzi a ombwe m'malo mwa nimu asamatsukire ziwiya mumtsinje, pakuti amapha nsomba.

Gogo wina akufunsa ngati angasunge mbewu kuchokera m'dimba mwake. Gogo, za maungu, bonongwe, therere, nyemba ndi khobwe sungani ndithu, posankha pa mbewu zathanzi zimene zakhwima bwino, kuziumitsa pamthunzi ndi kuziika m'botolo lotseka pamodzi ndi phulusa louma. Zokhazo zimene paketi yake inalembedwa F1, kutanthauza mbewu za haibulidi, musasunge, chifukwa ana ake safanana ndi kholo. Masiku omwewa ndi oyeneranso kufutsa nkhwani ndi khwanya zisanakalambe. Kuwiritsa kukhale kwa mphindi zochepa, ndipo muyanike pathandala pamene pali mphepo ndi mthunzi, osati pansi pomwe pali fumbi ndi nkhuku, kenako musunge m'chikwatu kapena m'thumba louma.

Funso lomaliza ndi la mlimi wa ku Ntcheu amene chaka chatha mbuzi za anansi zinamudyera repu yense, ndipo akufuna kudziwa chochita. M'midzi yambiri ziweto zimamasulidwa anthu akangomaliza kukolola, ndipo nthawi imeneyo dimba lanu ndilo limakhala malo okhawo obiriwira pamudzi, choncho mpanda uyenera kuima musanawokere mbande yoyamba. Udzu wa tsekera, bango kapena mapesi olukidwa mothinana pa mitengo yolimba zimakwanira chaka chimodzi, ndipo m'munsi mutsekemo bwino chifukwa nkhuku zimalowera pansi n'kufukula nazale. Pofuna mpanda wokhalitsa, bzalani m'mbali mwake zodula za gliricidia kapena chammwamba mvula ikadzayamba, ndipo mtengo wa gliricidia udzakupatseninso masamba a manyowa, pomwe chammwamba chidzakupatseni a ndiwo. Ndi bwinonso kuti eni madimba apite limodzi kwa a mfumu mwezi uno, ziweto zisanamasulidwe, kuti mudzi ugwirizane za tsiku lomasulira ndiponso za chipukuta misozi chimene mwini mbuzi ayenera kupereka ikathyola mpanda.