Mastermind si masewera a mwayi

Achimwene, mwafunsa za kabokosi kamene mwagula pa kaunjika, kokhala ndi bolodi la timabowo ndi tizikhomo tamitundumitundu koma kopanda pepala la malamulo, ndipo mukuti ana akungoloza mwachisawawa mpaka kutopa. Dzina lake ndi Mastermind. Anawo akutopa chifukwa akusewera ngati njuga, pomwe awa ndi masewera oganiza.

Amasewera anthu awiri. Mmodzi amabisa tizikhomo tinayi tokulirapo kuseri kwa kotchinga kali kumapeto kwa bolodi. Amasankha pa mitundu 6, ndipo ndi zololedwa kubwereza mtundu. Winayo amaika tinayi take pa mzere woyamba, wobisa uja n'kuyankha ndi tizikhomo ting'onoting'ono tija. Kakuda kamatanthauza kuti mtundu ndi malo zonse zalondola. Koyera kamatanthauza kuti mtunduwo ulipo koma wakhala pa bowo lolakwika. Mabokosi ena ali ndi tofiira m'malo mwa takuda. Amapitiriza choncho mzere ndi mzere, kenako amasinthana, ndipo wopambana ndi amene mnzake wagwiritsa ntchito mizere yambiri kuti atulukire chimene anabisa.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera masewerawa: woyankha amaika kakuda moyang'anizana ndi kachikhomo kamene kalondola. Ayi ndithu! Yankho limangonena kuti zalondola zingati, silinena kuti ndi bowo liti. Mukaulula bowo, palibenso choganizira. Tiyerekeze kuti mwabisa chofiira, chabuluu, chobiriwira, chofiira. Mwana waika chofiira, chofiira, chachikasu, chachikasu. Mumupatse kakuda kamodzi ndi koyera kamodzi, chifukwa chofiira choyamba chili pamalo pake, chachiwiri chilipo koma chasochera. Mukanabisa chofiira chimodzi chokha pa bowo loyambalo, akanalandira kakuda kamodzi basi, popanda koyera. Woyankha asamapupulume, chifukwa akalakwitsa mzere umodzi mnzake amasokera masewera onse.

Njira zobisira zilipo 1,296, ndiye kuloza mwamwayi n'kutaya nthawi. Katswiri wa makompyuta Donald Knuth anasonyeza mu 1977 kuti munthu wotsata njira yabwino sapitirira maulendo asanu, ndipo amayamba ndi mitundu iwiri, uliwonse kawiri, monga mwana wam'chitsanzoyu. Ana amakhumudwa akapanda kulandira kachikhomo ngakhale kamodzi, koma ine yankho limeneli ndimalikonda kwambiri. Mitundu iwiri yachoka, yatsala inayi, ndipo njira zatsika kuchoka pa 1,296 kufika pa 256 ndi mzere umodzi wokha.

Anapeka masewerawa ndi Mordecai Meirowitz wa ku Israel, yemwe ankagwira ntchito za positi ndi matelefoni, mu 1970. Makampani akuluakulu a zidole anamukana, kenako kampani ya Invicta Plastics ya kufupi ndi Leicester ku England ndi imene inawatenga n'kuyamba kuwagulitsa. Ngati pabokosi lanu pali chithunzi cha bambo wandevu atakhala pampando, mayi ataima kumbuyo kwake, ndiye kuti ndi la zaka zoyambirirazo, lisungeni bwino. Mukapeza mabowo asanu pa mzere ndi mitundu 8, ameneyo ndi Super Mastermind, wa njira 32,768, ndipo ana aang'ono musawayambitsire pamenepo.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti mukhale nawo pansi masewera angapo oyamba. Mwana asanamalize kuika mzere watsopano, mufunseni kuti, "Ichi chikanakhala chimene ndabisa, mizere yam'mbuyoyi ikanalandira mayankho omwewa?" Akaona kuti sizikugwirizana, asinthe yekha, inu musamuuze. Tizikhomo tikakhala kuti tina tinasowa, monga zimakhalira ndi katundu wa pa kaunjika, tengani pepala ndi cholembera, mulembe manambala 1 mpaka 6 m'malo mwa mitundu. Masewera akale a papepala otchedwa Bulls and Cows, amene Mastermind anafanana nawo, ankaseweredwa ndi manambala chomwecho bolodi lisanabwere.